Funsani Anamwino: Kodi ma ARV ndiwo akutupitsa mdzukulu wanga?

Mwezi uno makalata atatu akufunsa za impso za ana. Ndawadula pang'ono kuti akwane pa tsamba, ndipo mayina ndachotsa monga mwa masiku onse.

Anamwino,

Ndine gogo wa ku Kawale, ndikulera mdzukulu wamwamuna wa zaka 9. Mayi ake, mwana wanga wachiwiri, anatisiya iye ali ndi zaka 3. Anabadwa nako kachilombo ndipo wakhala akumwa ma ARV kuyambira ali wamng'ono. Chakumapeto kwa chaka chatha anayamba kukana mankhwala. Ine ndi geni yanga ya mandasi ndimadzuka kusanache, sindinkaona ngati akumezadi kapena akukataya kuseri kwa bafa. Tsopano kwa masabata atatu akadzuka m'mawa zikope zimakhala zotupa, pofika masana zimaphwa. Akakodza m'chitini usiku, m'mawa timapeza thovu ngati mwathiramo sopo. Mnzanga wa ku mpingo wandiuza kuti ma ARV amawotcha impso, mlamu wake anapita nazo zomwezo. Ndiye ndamusiyitsa kaye, lero ndi tsiku la 12, ndikumumwetsa madzi a masamba amene mnzangayo anandibweretsera. Kodi ndalakwa? Tsiku lake la kuchipatala likadali kutali, ndi mwezi wamawa.

Gogo wodandaula, Kawale

Agogo, kalata yanu sindinadikire nayo tsiku losindikiza. Ndinakuimbirani madzulo omwewo pa nambala munalemba m'munsi ija, ndipo zomwe tinakambirana ndizibwereza pano chifukwa agogo ngati inu alipo ambiri, ku Mgona, ku Chinsapo, ku Mtandire, olera ana a ana awo. Tsiku la mwezi wamawalo liiwaleni. Mwanayo apite mawa m'mawa, mutanyamula kabuku kake ka kuchipatala, mabotolo a mankhwala otsala aja, ndiponso masamba amene mukumuwiritsirawo. Mukaulule zonse, ngakhale za masiku 12 aja. Mwina akakudzudzulani pang'ono, pirirani, ife anamwino pakamwa pathu mukupadziwa. Koma adokotala akamva nkhani yoduka mutu amalemba mankhwala oduka mutu. Madzi a masambawo alekeni lero lomwe. Sitidziwa chili m'menemo, ndipo impso yodwala ndiyo imayenera kusefa chilichonse chimene mwamwetsa mwana.

Mwafunsa ngati mwalakwa. Sindikunamizani, kumusiyitsa mankhwala kuja n'kulakwitsa. Koma ndikufuna mumvetse chifukwa chake, osangomvera poti anena ndi anamwino.

Impso zilipo ziwiri, kumsana m'munsi mwa nthiti, iliyonse kukula kwake ngati chibakera cha mwini wake. M'kati mwa impso iliyonse muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Magazi amadutsa m'menemo usana ndi usiku. Zonyansa ndi madzi owonjezera zimatsikira ku chikhodzodzo n'kukhala mkodzo, pomwe zofunika, makamaka mapuloteni, zimatsalira m'magazi. Inu mumasefa ufa tsiku lililonse, mukudziwa chimachitika sefa ikabooka: misere imagwera limodzi ndi ufa. N'chimodzimodzi. Tisefa tikabooka, mapuloteni amathawira mumkodzo, ndipo ndiwo amachita thovu losaphwa msanga lija. Ntchito ina ya mapuloteniwo ndi kugwira madzi kuti akhale m'mitsempha. Akachepa, madzi amatulukira m'minofu. Usiku mwana ali chigonere amasonkhana m'zikope, masana akuyendayenda amatsikira ku mapazi. N'chifukwa chake mukuona ngati masana wachira.

Nanga chabowola sefayo n'chiyani? Pa kalata sindingathe kunena, ndipo aliyense wokuuzani dzina la matenda asanayeze mkodzo ndi magazi akungolota. Koma poti mwaloza chala ma ARV, ndikuuzeni zimene ochita kafukufuku anapeza.

Matenda a impso obwera ndi kachilombo ka HIV, amene madokotala amawatcha HIVAN, anayamba kulembedwa mu 1984 ku New York ndi ku Miami, ku America, pa anthu akuluakulu. Mu 1989 madokotala a ku Miami analemba za ana: mwa ana 155 odwala Edzi amene ankawaona, 12 anali ndi vuto la impso, ndipo chizindikiro chake chinali chomwechi, mapuloteni mumkodzo. Taonani zaka zimenezo, agogo. Mankhwala amene mdzukulu wanu amamwa kunalibe, ngakhale m'maloto. Matendawa ndi achikulire kuposa mankhwala amene mukuwanenawo.

Panali mkangano poyamba. Ena ankati mwina ndi matenda ena olowerera thupi likafooka, ena ankati ndi mankhwala ozunguza bongo amene ena mwa odwalawo ankadzibaya. Cha mu 1991 akatswiri ena ku America anaika zidutswa za kachilomboka m'chibadwa cha mbewa za mu labu, zoyera zija, osati zathu zotungidwa pa kamtengo pa msewu wa ku Dedza. Mbewazo sizinamwe mankhwala alionse, sizinali ndi TB kapena matenda ena, koma impso zake zinawonongeka mofanana ndi za anthu aja. Kenaka mu 2000 anakapeza kachilomboka m'kati mwenimweni mwa maselo a impso za odwala. Kamalowa m'menemo n'kusokoneza maselo amene amagwira sefa ija, sefa n'kufwamphuka, timipaipi ta mkodzo n'kufufuma. Pa sikani impso zotere zimaoneka zazikulu ndi zowala, pomwe pa matenda ambiri a impso okhalitsa zimafota.

Ma ARV ophatikiza atayamba mu 1996, odwala atsopano a HIVAN anachepa kwambiri kulikonse kumene mankhwalawo anafika. Ndipo funso lanu lenileni, loti bwanji tipumitseko thupi, linayesedwa kale. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SMART, wa anthu akuluakulu opitirira 5,000 m'mayiko 33, anagawa anthu pawiri: ena kumwa mosalekeza, ena kumapumira chitetezo chikakwera. Anauimitsa msanga mu January 2006 chifukwa opumirawo ndiwo ankadwala ndi kumwalira kwambiri, ndipo ngakhale matenda a impso, a mtima ndi a chiwindi, amene anthu ankaganiza kuti achepa akapumira, sanachepe ayi, anapendekera kwa iwo omwewo. Tsono inu mwandiuza nokha kuti mnyamatayu wakhala akuzemba mankhwala kwa miyezi ingapo. Ngati pali chimene ndikuchikayikira poyamba, ndi mapiritsi ali kuseri kwa bafa aja, osati amene anameza.

Mnzanu wa ku mpingo sananame zonse. Alipo mankhwala amodzi, tenofovir, amene kwa anthu ochepa amavulaza timipaipi ta impso, ndipo mwina mlamu wakeyo anali mmodzi wa iwo, mwinanso ayi. Tenofovir ali m'piritsi limene akuluakulu ambiri kuno amamwa, lija timaliti 13A. Koma kuno ku Malawi mwana sapatsidwa 13A asanakwane makilogalamu 30. Ana ochepera apo amamwa abacavir, lamivudine ndi dolutegravir. Tsegulani kabuku kake muone sikelo yomaliza. Ana a zaka 9 amene ndimawaona ine, ambiri 30 sanaifike. N'kutheka kuti mankhwala mukuwaopawo mdzukulu wanu sanawalawepo n'kamodzi komwe.

Pali chinanso chimene ine chimandichititsa chidwi, mundilole ndipatuke pang'ono. Kuyambira pachiyambi madokotala ankadabwa kuti HIVAN imagwira pafupifupi anthu akuda okhaokha. Yankho linabwera mu 2010: jini ina yotchedwa APOL1. Ndikati majini ndikunena za chibadwa chimene timatengera kwa makolo, osati majini a kwa asing'anga. Mitundu iwiri ya jini imeneyi inafala mu Africa muno chifukwa imateteza ku kaodzera, matenda a ntchentche za tsetse amene a ku Nkhotakota ndi ku Rumphi amawadziwa bwino. Wotengera mtundu umenewu kwa kholo limodzi amapindula. Wotengera kwa bambo ndi kwa mayi komwe, impso zake zimakhala pa ngozi, makamaka akakumana ndi HIV yosamwera mankhwala. Ku America anapeza kuti ngoziyo imakwera ka 29, ndipo kafukufuku wa ku Johannesburg mu 2015 anapeza kukwera koposa pamenepo. Kwa ana nakonso, ku America ndi ku Kinshasa, aona kuti otengera mbali zonse ziwiri impso zawo zimayamba msanga kuonetsa vuto. Majiniwa ndi ochuluka kwambiri kumadzulo kwa Africa, monga ku Nigeria ndi ku Ghana, ndipo ku Ethiopia pafupifupi kulibe, HIVAN nayonso n'kosowa kumeneko. Chibadwa sitingachisinthe, ndipo pa zipatala zathu za tsiku ndi tsiku sitiyeza zimenezi. Chimene chili m'manja mwathu ndi mbali inayo, kachilombo. Kakagona, jiniyo payokha nthawi zambiri siyambitsa HIVAN.

Thovu lanulo landikumbutsa mwana wina amene sindimuiwala. Munali mu 2002, chaka cha njala chija, ma ARV aulere asanayambe, poti anayamba mu 2004. Ndinali pa wodi ya ana pa chipatala china m'chigawo chapakati chino. Wodi yonse inali ana otupa chifukwa cha kunyentchera, awiri atatu pa bedi limodzi. Kunabwera kamtsikana ka zaka 6, kotupa nkhope ndi mapazi, ndipo ine osaganiza kawiri ndinakaika pa mzere wa anzake, mkaka ndi phala la likuni. Patatha masabata awiri anzake anaphwa, ena anayamba kuseka, iko ayi. M'mawa wina ndinakumana ndi mayi ake pakhomo akukataya mkodzo wa usiku m'kabeseni, thovu lili tolotolo mpaka m'milomo mwa beseni. Ndinawaimitsa. Botolo la timapepala toyezera mkodzo linali m'kabati masiku onsewo, ine ndikulidutsa. Ndinaviika kamodzi, ndipo mphindi isanathe kabokosi kachikasu kanasanduka kobiriwira kwambiri. Titayeza magazi tinapeza kachilombo. Nthawi imeneyo tinalibe choti n'kumupatsa, moti ngakhale ndikanayeza tsiku loyamba mwina sizikanasintha kanthu. Koma masabata awiri ndinkadyetsa phala mwana wodwala impso, mayi ake akundithokoza. Kuyambira pamenepo mwana aliyense wotupa, kapena aliyense wa kachilombo ngakhale asanatupe, ndimafuna ndione mkodzo wake.

Ndanena kuti ngakhale asanatupe chifukwa chakudza sichiimba ng'oma. Impso sizipweteka zikamawonongeka. Ana ambiri a HIVAN amataya mapuloteni miyezi yambirimbiri akusewera mpira bwinobwino, osatupa, BP ili bwino. Kapepala kaja ndiko kamaona zimene maso sangaone.

Mukafika kuchipatala, yembekezerani izi. Adzamuyeza sikelo ndi BP, ndipo lamba wa BP akhale wa ana, wa akulu amanamiza. Adzafuna mkodzo, ndipo wabwino ndi woyamba m'mawa, choncho mutungireni m'kabotolo kotsuka bwino kopanda sopo. Paja nanunso tsukuluzani chitini chija ndi madzi okha muonenso, chifukwa sopo wotsalira amachitanso thovu. Adzatenga magazi oyeza creatinine, chonyansa china chimene chimakwera impso zikafooka, ndi oyeza viral load kuti aone ngati kachilombo kadzuka. Mwina adzakutumizani ku sikani. Akapanda kutchula za mkodzo, funsani inuyo mwaulemu kuti, adokotala, mkodzowu simuuona? Si mwano umenewo.

Adzakufunsaninso zina zooneka ngati zosagwirizana. Kodi amasambira m'madamu kapena anapitako ku nyanja ku Salima? Akufufuza likodzo. Kodi anali ndi mphere kapena zilonda za pakhungu, kapena zilonda za kukhosi, masabata apitawa? Zimenezo zimatha kutupitsa impso pambuyo pake, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Malungo aakulu nawonso amagunda impso. Palinso matenda ena otupitsa ana amene sakhudzana n'komwe ndi HIV ndipo amamva mankhwala a prednisolone. Mwana wa kachilombo amadwalanso matenda a ana ena onse.

Zikapezeka kuti ndi kachilombo kakuchita zimenezi, mankhwala ake oyamba ndi ma ARV omwewo, kumwa osadumphitsa. Kawirikawiri amawonjezera kapiritsi ka BP monga enalapril, ngakhale BP ili bwino, chifukwa kamachepetsa kutayika kwa mapuloteni. Kunyumba chepetsani mchere, ndi tokhwasula ta m'mapaketi tija ana amagula pa geti la sukulu. Akamva mutu kapena kutentha thupi, panado yekha. Brufen, diclofenac ndi indocid za m'magolosale ndi adani a impso yodwala, musamupatse. Ndikulimbikira chonchi chifukwa kumapeto kwa msewu umenewu n'kowawa. Makina osefa magazi, a dialysis, alipo ku Kamuzu Central kuno ndi ku Queens ku Blantyre, koma ofuna ndi ambiri kuposa makinawo, ndipo munthu amalumikizidwa maola angapo kawiri kapena katatu pa sabata moyo wake wonse. Kuika impso ina anthu amapitira kunja, ambiri ku India. Mdzukulu wanu akadali kutali ndi zimenezo ngati mupita mawa.

Chotsala ndi chimene chinayambitsa zonsezi. Mwana wa zaka 9 akayamba kutaya mankhwala, nthawi zambiri amakhala ndi funso limene palibe wamuyankha: ndikumweranji ine ndekha, anzanga osamwa? Pa foni munandiuza kuti mumamuuza kuti ndi a chifuwa. Agogo, mwana wa Sitandade 4 amadziwa kuti sakutsokomola. Pemphani alangizi a ku kiliniki kwake akuthandizeni kumuuza zoona pang'onopang'ono, ali nayo njira yake, simukhala nokha. Ku Baylor, kiliniki ya ana a kachilombo imene ili pa Kamuzu Central pomwepo, akhala akuchita zimenezi ndi ana kuyambira 2006, ndipo akakula pang'ono kuli ma Teen Club kumene amakumana ndi anzake omwa mankhwala ngati iye. Za nthawi, kambiranani ndi adokotala kuti azimwa madzulo, inu mutabwerako ku geni, mukudya nsima limodzi. Mumupatse m'manja, amwere madzi pamaso panu, kenaka mumufunse za kusukulu kuti ayankhule. Piritsi lobisa kunsi kwa lilime silimalola munthu kuyankhula.

Anamwino,

Ndili ndi mwana wamkazi wa masabata atatu. Anabadwa masiku asanakwane, pa masabata 33, ndi sikelo ya makilogalamu 1.9. Ine ndimamwa 13A kuyambira ndisanaime, ndipo viral load yanga amati siikuoneka. Tsiku lachiwiri ndinaona kadontho kofiirira pa thewera, ngati fumbi la njerwa, koma kanasiya. Apongozi anga akuti ndi mankhwala anga akudutsa mumkaka n'kumamuwotcha m'kati, ndiye akufuna ndisiye kuyamwitsa tizigula wa m'chitini. Bambo ake ali pakati, sakudziwa omvera. Ndithandizeni.

Mayi wa ku Area 25

Mayi, yamwitsani. Kadontho kaja si magazi ndipo si mankhwala anu. Ndi timchere tina ta mumkodzo timene makanda ambiri amatulutsa masiku awiri atatu oyamba, mkaka usanayambe kutuluka wambiri, kaya mayi ali ndi kachilombo kaya alibe. Kakanapitirira mpaka sabata, tikanati mwana sakukhuta. Poti kanasiya, nkhani yake inathera pomwepo.

Zoti tenofovir amafika mumkaka n'zoona, koma amafika wochepetsetsa, ndipo m'magazi a mwana woyamwa amapezeka pang'ono zedi kapena osapezeka n'komwe. Izi sizongoganizira. Kafukufuku wa PROMISE, amene zotsatira zake zazikulu zinatuluka mu 2016, anachitika kuno ku Lilongwe ndi ku Blantyre pamodzi ndi mayiko ena monga Zimbabwe, Uganda ndi South Africa. Mbali ina ya kafukufukuyo inatsata impso za makanda, kufananiza a amayi omwa tenofovir ali oyembekezera kapena akuyamwitsa ndi a amayi osamwa, ndipo sanapeze kusiyana kodetsa nkhawa. Ana amenewo ndi a kwathu konkuno, oyamwa bere ngati wanuyo, ena mwina mumakwera nawo minibasi imodzi popita m'tauni.

HIVAN imene ndafotokozera agogo pamwambapa simatenda a khanda la masabata atatu. Imafuna kachilombo kakhale m'thupi miyezi kapena zaka kakuswana. Ndiye njira yotetezera impso za mwana wanu ku HIV ndi yoti kachilomboko asakatenge n'komwe, ndipo inu muli kale pa njira imeneyo. Kafukufuku wa BAN, amene anachitika mu Lilongwe muno kuyambira 2004 ndi amayi 2,369 ndi ana awo, anaonetsa kuti mayi akamamwa ma ARV, kapena mwana akamamwa nevirapine, nthawi yoyamwitsa, kupatsirana kumatsika kwambiri. Mu July 2011 dziko lathu linakhala loyamba kunena kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wa kachilombo ayambe mankhwala a moyo wonse osadikira zotsatira za CD4, muyezo wa chitetezo cha m'thupi, ndipo mayiko ena anatengera kwa ife. Choncho inu pitirizani 13A, mwana apitirize mankhwala amene anakupatsani potuluka, pa masabata 6 akayezedwe magazi ndi kuyamba Bactrim, adzayezedwenso pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24.

Chimene ine chandigwira mtima m'kalata yanu si mankhwala, ndi masabata 33 aja. Tisefa ta impso timapangidwa mwana ali m'mimba, ndipo ntchitoyo imatha cha pa masabata 36. Kupitirira apo thupi silipanganso tina moyo wonse. Wobadwa msanga amamalizira ntchitoyo ali kunja, ndipo kawirikawiri chiwerengero sichikwana. Sindikuti mwana wanu akudwala, ayi. Ndikuti wayamba ulendo ndi kamba wochepa pang'ono, ndiye tisamuwonongere. Chimene chimavulaza impso za makanda kwambiri ndi kuchepa kwa madzi m'thupi ndi matenda olowa m'magazi. Muyamwitseni pafupipafupi, kosachepera ka 8 pa tsiku, usiku womwe, ndipo akagona nthawi yaitali mudzutseni, ana obadwa msanga ndi aulesi pa bere. Mufungatireni pachifuwa khungu kwa khungu monga anakuphunzitsani ku kangaroo. Werengani matewera: onyowa 6 kapena kuposa pa tsiku ndiye kuti zili bwino. Akachepa, akakana bere, akatentha kapena kuzizira thupi, akatsegula m'mimba, thamangani. Liwombo likalowa m'kati, si la kwa asing'anga ndipo si lomata phula kapena mizu. Ndi madzi atha m'thupi, ndipo maola amene mukufunafuna mankhwala a liwombo ndi omwewo impso zikuuma. Kuchipatala akanena za jakisoni wa gentamicin musakane chifukwa munamva kuti amakhudza impso. Amapima molingana ndi sikelo ya mwana, ndipo matenda amene akuchizawo ndi oopsa kuposa jakisoniyo.

Mkaka wa m'chitini, kupatula mtengo wake umene bambo akewo akaufunse okha m'sitolo, umafuna madzi owiritsa ndi ziwiya zoyera nthawi iliyonse, usiku womwe, magetsi atazima, mipopi itauma. Polakwika pang'ono mwana amatsegula m'mimba, ndipo kwa mwana wa sikelo ngati yakeyo zimenezo ndizo zingaphe impso. Bere lokha miyezi 6, osapatsa madzi, osapatsa phala.

Apongozi musakangane nawo, mudzatopa ndinu. Apempheni akuperekezeni ku sikelo ya masabata 6, muwapatse mwana anyamule iwo, ndipo funso lawolo akafunse okha kwa anamwino. Ndaona apongozi ambiri akubwera ali ndwii, n'kubwerera akulangiza anzawo pa benchi. Chinthu chimodzi musadzaiwale: zoti anabadwa pa masabata 33 zilembedwe poonekera m'kabuku kake, ndipo akamakula muzikumbutsa adokotala kuti azimuyeza BP ndi mkodzo mwa apo ndi apo, ngakhale atapezeka kuti alibe kachilombo.

Anamwino,

Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 anamusintha mankhwala chaka chatha atakwana makilogalamu 30, anamuika pa 13A. Ulendo wapitawu anamuyeza magazi ndipo ndinamva adokotala akuuza mnzawo kuti creatinine wakwera pang'ono, koma ife anangoti tibwere pakatha miyezi itatu. Pa Facebook ndawerenga zoopsa. Mwanayo ali bwinobwino, amasewera netiboli. Kodi ndimugulire impso za mbuzi azidya kuti zake zilimbe?

Bambo wa ku Area 36

Bambo, mwachita bwino kutchera khutu, koma tsiku lina muzifunsa pomwepo musanatuluke m'chipinda. Creatinine amachokera m'minofu, ndiye mtsikana amene akukula n'kumathamanga pa bwalo la netiboli, wake amakwera pang'ono chaka ndi chaka popanda vuto lililonse. Dolutegravir ndi Bactrim nawonso amakweza nambalayo pang'ono, osati powononga impso koma potseka kanjira kena kamene creatinine amatulukira. Kukwera kotero kumachitika masabata oyamba n'kuima pomwepo. Kwa tenofovir n'kosiyana, kumapitirira kukwera ulendo ndi ulendo, ndipo n'chifukwa chake akuitanani pakatha miyezi itatu, akufuna aone nambala ziwiri, imodzi sinena kanthu. Mukapita pemphani ayezenso mkodzo. Tenofovir akamavulaza timipaipi ta impso, mumkodzo mumapezeka shuga pomwe m'magazi shuga ali bwino, nthawi zina ndi mapuloteni pang'ono. Kunyumba muone ngati akumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuphwanya kwa mafupa kapena kufooka miyendo pokwera chitunda. Zikaoneka zimenezo musadikire miyezi itatuyo. Mankhwala ena opanda tenofovir alipo, amangomubwezera ku abacavir, ndipo zikagwidwa msanga impso nthawi zambiri zimabwerera m'malo. Kusintha n'kwa adokotala, inu musamudumphitse ngakhale tsiku limodzi. Muuzeninso mayi ake kuti pa ululu wa kumwezi asamamugulire brufen kapena diclofenac mwezi ndi mwezi, atsikana ambiri amamwa zimenezi ngati maswiti, ndipo pamodzi ndi tenofovir sizigwirizana.

Za impso za mbuzi, ngati amazikonda mugulireni, ndi ndiwo yabwino. Koma zikalowa m'mimba zimagayidwa ngati nyama ina iliyonse, sizipita kukalowa m'malo mwa zake. Ndipo anyamata a kanyenya aja muwauze achepetse mchere.